Musawatchule azakhali anga ogalukira

Loweruka lapitali azakhali anga adapita kukagayitsa pachigayo cha pa Manjawira. Chimanga chake chinali chochepa, cha m'beseni, ndipo pamwamba adaphimbapo chitenje chofiira cha UTM, chija chokhala ndi nkhope ya malemu a Saulos Chilima. Chitenjecho chidasuluka kalekale, kufiira kwake kwatsala pang'ono kufanana ndi dothi la katondo, koma nkhope ikuonekabe. Pamthunzi panali anyamata a kabaza akudikira makasitomala. Mmodzi adakweza mawu: "Amayi, nkhope imeneyo muzingoisiya kunyumba. Munaigulitsa kale pa 16 Sepitembala." Mnzake adathirapo ndemanga: "Asiye aise, ogalukira amenewo." Enawo adaseka.

Azakhali sadayankhe. Adagayitsa, kusenza ufa wawo, ulendo wa kunyumba. Nkhaniyi adandiuza madzulo tikudya, akuseka, koma kuseka kwa mano okha. Ine sindidaseke. Amenewa ndi alongo awo a malemu bambo anga, ndi amene adandilipirira fizi ya Fomu 3 ndi ndalama za zitumbuwa, ndipo zaka zawo zidapitirira 60. Anyamata omwe adawakuwizawo ena mwa iwo adabadwa azakhali atavota kale kangapo.

Mlandu wawo ndi wodziwika chifukwa iwo eni sabisa: pachisankho cha 2025 adavotera a Peter Mutharika. Ine ndidavotera a Dalitso Kabambe a UTM. Ndanena izi kumayambiriro kuno kuti wina asadzati ndikudziikira kumbuyo. Mwa muyeso wa anyamata a pachigayo aja, ine ndine wokhulupirika, mwana wabwino wa chipani, woyenera kupatsidwa tisheti ina. Ndiye mundimvere ine wokhulupirikane. Mawu akuti "wogalukira" simukuyenera kumuponyera munthu wovota amene simudamufunse maganizo pamene mumasankha woimira chipani. Ndipo mwa zipani zonse za m'Malawi muno, chimene chikuyenera kuchita manyazi kwambiri potchula mawu amenewa ndi chathuchi.

Tiyambire komwe chitenjecho chidachokera. Chisanabwere chofiira, m'sutikesi mwa azakhali munali chabuluu. Mu 2014 adavotera DPP, ndipo chifukwa chachikulu chinali choti a Mutharika adatenga mwana wa ku Nsipe kukhala wachiwiri wawo. Nsipe ndi kwathu komwe kuno ku Ntcheu, ulendo wa minibasi imodzi. Pofika 2018 mkati mwa DPP mudabuka gulu lofuna kuti a Chilima ndiwo adzaimire chipani mu 2019. A Callista Mutharika ndiwo adayamba kuzinena, kenako a Patricia Kaliati, a Noel Masangwi, a Bon Kalindo ndi ena adatsatira. Akuluakulu a chipani adatseka chitseko, amvekere mpando uli ndi mwini wake. A Chilima sadadikire n'komwe konvenshoni. Mu Juni adalengeza kuti atuluka, ndipo mu Julayi UTM idakhazikitsidwa pabwalo la Masintha ku Lilongwe.

Mukudziwa dzina limene anyamata abuluu ankawatchula azakhali masiku amenewo? Lomweli. Ogalukira, osayamika, odya uku ndi uku. UTM idabadwa kuchokera kwa anthu amene munthu wawo adamanidwa mpata woimira chipani, iwo n'kukana kumeza. Akadamvera malangizo oti demokalase ndi kuvomereza, khalani momwemo muvotere adadi, bwenzi lero kulibe chitenje chofiira choti n'kumakanganirana pachigayo. Ndiye chipani chomwecho chikamanyoza munthu kuti wachoka chifukwa chosakhutira ndi yemwe waikidwa kutsogolo, zikufanana ndi mwana wobadwira m'banja lothawitsana amene akutukwana mlongo wake kuti wathawa ndi mwamuna.

Koma mwina mukufuna umboni woti azakhali amadziwa kukhulupirika. Pitani ku 2020. Khothi litafafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 Febuluwale chaka chimenecho, UTM ndi MCP zidagwirana manja, ndipo a Chilima, omwe paokha adapeza mavoti oposa 1 miliyoni mu 2019, adavomera kukhala wachiwiri kwa a Lazarus Chakwera. Kwa achinyamata obadwa m'zaka za m'ma 2000 awa adali masamu chabe: phatikiza apa ndi apa, tipambana. Kwa azakhali nkhani inali ina. Iwo adakula m'masiku amene sunkalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi la chipani, masiku a ayufi ndi apayoniya, masiku ovina ngakhale mwana akudwala kunyumba. Pa riferendamu ya 1993 adavotera nyali, ndipo adalumbira kuti dzanja lawo silidzayandikiranso tambala wakuda. Pa 23 Juni 2020 adadzuka m'mamawa, kukaima pamzere, n'kuchonga pa tambala wakuda yemweyo, chifukwa a Biyeni adati titero. Ndikukumbuka atabwerako adatsuka chala cha inki chija nthawi yaitali kwabasi. Munthu wawo sadali patsogolo, koma adameza. Ngati kumeneko si kukhulupirika, mundiuze kuti kukhulupirika n'chiyani.

Nanga adapindula chiyani? Fetereza wa K4,495 adaoneka chaka choyamba, kenako mtengo wa makuponi udayamba kukwera, maina kumasowa m'kaundula, ndipo wa m'sitolo adafika podutsa K100,000 thumba limodzi. Kwacha adaitsitsa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuitsitsanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kudya katatu patsiku kudasanduka nthabwala ya pamaliro. Mu Julayi 2022 a Chilima adauza dziko kuti mgwirizano wa Tonse unali woti iwo ndiwo adzaimire mu 2025, a MCP n'kukana kuti zimenezo sakuzidziwa. Chaka chomwecho adamangidwa pa milandu ya katangale, milandu yomwe idathetsedwa mu Meyi 2024. Patangotha mwezi, pa 10 Juni, ndege idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, anthu 9 onse n'kuthera pomwepo. Za masiku amenewo sindilemba zambiri, ife a kuno tidaona ndi maso athu, kuphatikizapo anthu anayi amene adagundidwa ndi galimoto pamsewu usiku umene thupi linkabwera. Azakhali adali ku Nsipe pa 17 Juni, atavala chitenje chomwechi.

Tsopano tifike pa Mzuzu, Novembala 2024, pomwe pagona nkhani. Chipani chamasiye chidakumana kuti chisankhe mtsogoleri. A Michael Usi, amene ankagwirizira mpandowo, sadapikisane nawo. Adatsala anayi: a Kabambe, a Kaliati, a Newton Kambala ndi a Matthews Mtumbuka. Azakhali mtima wawo unali pa a Kaliati. Ankati Akweni adalipo kuyambira tsiku loyamba, adanyozedwa nafe limodzi, ndipo ndi mayi. Ine ndinkafuna a Mtumbuka. Tinkatsutsana m'khonde mpaka nkhuku kulowa. Tsiku la chisankho tonse awiri tidali pawailesi imodzi, ndipo tonse awiri tidagwa limodzi. A Kabambe adapeza mavoti 636. Atatu enawo kuphatikiza pamodzi sadafike ngakhale 100.

Taonaninso nambala imeneyo: 636. Anthu amenewa mukhoza kuwalowetsa m'tchalitchi chimodzi chachikulu. Pa Lachisanu pamsika wa Lizulu pamadutsa anthu ambiri kuposa amenewa. Anthu 636 adasankhira anthu oposa 1 miliyoni amene adavotera a Chilima mu 2019, kenako n'kutembenuka kuwauza kuti chipani chalankhula, tsatirani. Chipani chake chiti? Azakhali adavina pamisonkhano kuyambira 2018, adaphika nsima ya alendo a kampeni ndi nkhuni zawo, adadana ndi anzawo a kumpingo chifukwa cha chitenje chofiira. Palibe tsiku limene wina adabwera pakhomo kudzati, "Amayi, tikupita ku Mzuzu, inu mukuti tikasankhe yani?" Nthumwi za dera lathu ine sindidazitume, azakhali sadazitume, ndipo zitabwerako sizidaitanitse msonkhano kuti zifotokoze. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, koma apa n'zoposa pamenepo, chifukwa kandimverere wakeyo adadzituma yekha.

Pa konvenshoni iliyonse ya chipani chilichonse m'dziko muno pamamveka mphekesera za maenvulopu. Zimenezo ndikuzisiya dala pambali, mfundo yanga sikuzifuna. Tiyerekeze kuti ku Mzuzu zonse zidayenda zoyera ngati mkaka, nthumwi iliyonse idavota ndi mtima wake. Funso likhalabe pomwepo: munthu amene sadapatsidwe voti posankha, ngongole yomvera zotsatira akuitenga kuti?

Ndikudziwa zimene muyankhe, chifukwa ndakhala ndikuzimva m'minibasi ndi pa WhatsApp. Choyamba mumati demokalase ndi kuvomereza kugonja. Zoona. Koma wogonja ndi amene adalowa m'bwalo. A Mtumbuka adalowa, adagonja, adavomereza, ndipo pambuyo pake adakhala wachiwiri kwa a Kabambe pa chisankho. Ulemu wawo. Iwo adali ndi dzina papepala, adali ndi mpata wolankhula kwa nthumwi, adawerengedwa. Azakhali sadagonje pa chilichonse. Adangomva pawailesi ngati momwe timamvera mtengo watsopano wa petulo.

Anzanga ophunzira amakonda kupereka chitsanzo cha ku America. Amati taonani mu 2008, a Hillary Clinton atagonja kwa a Barack Obama, otsatira awo ambiri adakwiya, ena adalumbira kuti sadzavotera a Obama, koma pamapeto ambiri adabwerera kunyumba. Chitsanzocho n'chabwino, kungoti chikuthandiza ine. A Clinton adavoteredwa ndi anthu pafupifupi 18 miliyoni m'mapulaimale. Mayi wa ku Ohio amene adawafuna adapita yekha kukaponya voti, idawerengedwa, idachepa. Pomuuza kuti tsopano tiyeni tonse pamodzi, akumuuza munthu amene adafunsidwa. Ifeyo tikufuna kukolola kumvera kwa mtundu umenewo m'munda umene sitidalime.

Ena amati chipani chili ngati timu ya mpira. Wa Bullets ndi wa Bullets, wa Wanderers ndi wa Wanderers, ngakhale kochi aike golokipa amene sukumufuna. Imeneyi ndiye imandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa ikuulula mmene atsogoleri amationera: ochemerera. Anthu oti agule yunifomu, aimbe, abwerere kwawo. Komatu Bullets ikagonja Lamulungu, Lolemba mtengo wa sopo susintha. Kochi akalakwitsa, kuchipatala mankhwala sasowa. Voti ndi chinthu chokhacho chimene mayi wa pa Manjawira ali nacho chimene a ku Capital Hill amachiopa, ndipo amachigwira kamodzi pa zaka zisanu. Inu mukuti achipereke mwaulere kwa aliyense amene wavala mtundu woyenera?

Chimene chimandinyansa kwambiri n'choti lamulo la kukhulupirikali limagwira ntchito kumunsi kokha. Kumwamba kulibe. A Gwanda Chakuamba atalephera kwa a John Tembo mu MCP adatuluka, n'kuyambitsa Republican Party, n'kuima mu 2004 pansi pa Mgwirizano, ndipo posakhalitsa adali nduna m'boma la munthu amene ankati adawabera chisankho. A Bakili Muluzi atabweretsa a Bingu wa Mutharika mu UDF, akuluakulu ngati a Aleke Banda ndi a Justin Malewezi adanyamula zikwama. A Bingu eni ake, atalowa m'boma ndi mavoti a anthu achikasu, mu Febuluwale 2005 adawasiya padzuwa n'kuyambitsa DPP. Aphungu adakhamukira komweko ngati ngumbi pa nyali, ndipo gawo 65 la malamulo a dziko, loletsa phungu kusintha chipani m'Nyumba ya Malamulo, lidangokhala chinthu chokokanirana ndi bajeti mpaka nthawi yawo idatha. A Kondwani Nankhumwa atachotsedwa mu DPP adayambitsa PDP. A Usi adakaima ndi Odya Zake Alibe Mlandu. Ndipo a Kabambe, amene anyamata a pachigayo akuti azakhali adawapandukira, adali mu DPP akufuna mpando wa kumeneko. Ataona kuti chitseko n'chotseka adatuluka, ndipo adalowa UTM patangotsala miyezi yochepa kuti konvenshoni ichitike. Sindikuwadzudzula, ndi ufulu wawo, ndipo voti yanga ndidawapatsa. Koma tanenani zoona: pakati pa iwo ndi azakhali, wakhalitsa m'chitenje chofiira ndani?

Bwana akasintha chipani amamukonzera nsanja, kumuveka nsalu yatsopano pakhosi, amayi kululutira, iye n'kunena kuti wamvera zofuna za anthu a kwawo. Mayi wogulitsa zitumbuwa akasintha maganizo m'kachipinda kovotera, yekhayekha ndi chikumbumtima chake, akuti wadzigulitsa. Adamugula ndani, ndi ndalama zingati, poti chimanga chake n'cha m'beseni?

Pali mfundo imodzi ya otsutsa imene sindingaikankhire kumbali, chifukwa ndi imene idandivotetsa ine. Amati aliyense akamachoka munthu wake akagonja, sitidzakhala ndi zipani zolimba, tizingokhala ndi timagulu totsatira nkhope. Ndi zoona, ndipo manda ake tikuwaona. AFORD imene idasesa mpoto yense mu 1994 idafota. UDF imene idalamula zaka khumi lero imawerenga aphungu pa zala. PP idatupa mu 2012 a Joyce Banda atalowa m'boma, n'kuphwa mu 2014 atatuluka. Ine sindinkafuna UTM ilowe mumzere umenewo. Ndinkati tikaithawa tonse chaka choyamba cha umasiye wake, ndiye kuti tavomereza kuti idali munthu mmodzi basi. Ndidakavota ndi maganizo amenewo. Zotsatira mukuzidziwa: a Mutharika pafupifupi 57 peresenti, a Chakwera 33, a Kabambe pafupifupi 4. Sitidafike ngakhale kotala ya mavoti a 2019.

Koma ndikaganiza bwino, zipani zathu sizifa chifukwa ovota ndi osakhulupirika. Zimafa chifukwa zilibe mamembala. Zili ndi eni ake, zili ndi othandiza ndi ndalama, zili ndi nthumwi, zili ndi ovina. Membala weniweni, woti dzina lake lili m'buku, amasonkha kangachepe mwa kufuna kwake, ndipo ali ndi voti pa nkhani yaikulu ya chipani, ameneyo mumupeza kuti? Munthu sathawa nyumba imene adaumba nawo njerwa ndipo ali ndi kiyi wake. Amathawa nyumba imene amangoitanidwa kudzasesa pabwalo alendo akamabwera. Mukamanga chipani pa nkhope ya munthu mmodzi, musadabwe anthu akabalalika nkhopeyo ikachoka. Mudawaphunzitsa ndinu.

Ndiyeneranso kunena zoona za voti yangayo, poti ndayamba kale kuvula. Sindidavotere mfundo za chuma za a Kabambe, ngakhale adali gavanala wa Reserve Bank ndipo manambala amawadziwa. Ndidavotera manda a ku Nsipe. Ndidaona ngati kuchonga pena ndi kuponda pamtumbira. Kumeneko ndi kulira maliro, ndipo kulira maliro si tchimo, koma sindinganamize munthu kuti ndi nzeru za ndale zoposa za azakhali. Ndipo apa ndipemphe anzanga ofiira: tisiye kuwalankhulira a Biyeni. "Akanakhalapo akanati chakuti." Wina akuti akanati tikhale, wina akuti akanati tichotse boma mwa njira iliyonse. Munthu adagona. Chimene tikudziwa ndi chimene adachita ali moyo, ndipo mu 2018 chitseko chitatsekedwa sadakhale pakhonde kudikira.

Musaganize kuti ndikuti azakhali adasankha bwino. Tidakangana, ndipo mpaka lero sitidagwirizane. Chimene chidandiwawa ine ndi dzina lachiwiri papepala lija. A Jane Ansah ndi amene adali wapampando wa bungwe la zisankho mu 2019, chisankho cha tipeksi chija, chimene a Chilima adakachitsutsa kukhothi, chimene anthu adayendera m'misewu miyezi yambirimbiri. Ndidawafunsa azakhali kuti dzanja lawo lidalola bwanji. Yankho lawo ndilibwereza monga adanenera.

"Iwe mwana wa achimwene, tipeksi sindinaiwale. Koma ndiuze, a Kabambe akowo akanawina? Iwe wemwe ukudziwa kuti ayi. Ndiye voti yanga ikanagwira ntchito yanji? Kungoti pasapezeke wopitirira theka, tibwererenso kachiwiri, uku ufa ukutha? Ine ndimafuna amene analipowo achoke. Ndinayang'ana amene angawachotse. Basi."

Ndidasowa poyambira. Lamulo loti wopambana apitirire theka la mavoti lidachokera pa mlandu womwe uja wa a Chilima ndi a Chakwera. Azakhali, amene sukulu adalekezera Sitandade 5, adalimvetsa, n'kuwerengera, n'kusankha chimene adachiona kuti n'chotheka m'malo mwa chimene mtima unkafuna. Mu 2020 adachita chimodzimodzi ndipo tidawaombera m'manja kuti ndi okhwima pa ndale. Mu 2025 achita zomwezo, kungoti masamu awatengera kwina, tikuti ndi ogalukira. Ndiye kuti kukhwima kwake n'koti masamu azithera kwa ife nthawi zonse?

Ndipatuke pang'ono, poti zikundiyabwa. Mwaona mmene a Mutharika amationera ife a ku Ntcheu? Mu 2014 wachiwiri wawo adali a Chilima. Mu 2019 adali a Everton Chimulirenji. Mu 2025 a Ansah. Onse a boma lino. Tidasanduka dziwe lowedzamo achiwiri. Wina anganene kuti ndi ulemu, ine ndimaona ngati ndi nyambo, ndipo ndimadabwa kuti timaimeza ulendo uliwonse. Izi ndidawauzanso azakhali. Adati, "Nanga enawo anatipatsa chiyani, woyamba?" Ndidangoti zikomo.

Tsono kwa akuluakulu a UTM, ndi a zipani zinazo ngati mukumva nawo, pempho langa ndi limodzi. Chisankho china chikubwera mu 2030, ndipo konvenshoni ibwera chisanafike. Ngati mukufuna kuti tsiku lotsatira mudzatiuze kuti tiyeni tonse kumbuyo kwa wopambana, mutipatse voti tsiku losankhalo. Lembani maina a mamembala mudzi ndi mudzi. Khadi likhalepo, la kufuna kwa munthu, osati lija la pachipata cha msika. Tsiku losankha woimira chipani pa upulezidenti, bokosi lifike pasukulu ya pulaimale ya pafupi, aliyense wa m'bukumo aponye yake. Musandiuze kuti n'zodula. Pa nthawi ya kampeni malole amafika mpaka kumidzi ya kuseri kwa mapiri, kumene ngakhale ambulansi imakana, kudzatenga amayi kuti akadzaze bwalo. Lole imene ikutha kunyamula anthu 80 ndi ng'oma zawo singalephere kunyamula bokosi limodzi lapulasitiki. Chimene chikusowa si mafuta. Nthumwi mazana angapo n'zosavuta kuzidziwa maina, kuziimbira foni, kuzigoneka malo amodzi. Anthu 1 miliyoni sungawagoneke ku loji.

Mukadzachita zimenezo, munthu wanga n'kugonja, ndidzakhala woyamba kuyenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti tidaluza mwachilungamo, tiyeni tikankhe limodzi. Ndipo pamenepo wina akadzathawa ndidzakhala ndi pakamwa pomufunsira. Panopa ndilibe, ndipo inunso mulibe.

Lamulungu nditachoka kutchalitchi ndidadzera pamthunzi paja. Anyamatawo ndimawadziwa, mmodzi ndidaphunzira ndi mkulu wake. Sindidapite ndi ndewu. Ndidangofunsa kuti, "Achimwene, inu amene mumayeza kukhulupirika kwa azimayi pachigayo, ku Mzuzu kuja munapita?" Adaseka, amvekere ife tipite bwanji, kumapita mabwana. Ndidafunsanso kuti nanga pa 16 Sepitembala mudavotera pati. Mmodzi adatchula sukulu yake. Winayo, yemwe adayambitsa zonse uja, adayang'ana pansi n'kuyamba kupukuta galasi la njinga. Mnzake ndiye adamuulula: "Ameneyu sanalembetse n'komwe, akuti mzere unatalika."

Nditawafotokozera azakhali adangopukusa mutu. Ndidawafunsa ngati sikungakhale bwino kuti popita kuchigayo aziphimbira chitenje china, kupewa pakamwa pa anthu. Adandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Chitenje chimenechi sanandigulire ndi iwowo. Ndinachivinira zaka zisanu ndi chimodzi, ndinalirira nacho ku Nsipe. Loweruka ndikupita nachonso."